Mankhwala Opumira Amene Anabwera ndi Achimwene

Bambo anga ankaopa singano. Macheka sankawaopa, ndipo mtengo wa paini ukamagwera kumene aima ankangosuntha pang'ono akuseka, koma kasingano kochepa ngati munga kankawachititsa kutembenukira kukhoma n'kutsinzina. Anacheka matabwa pa Phiri la Dedza kuyambira ali mnyamata mpaka pamene msana unakana. Iwo ndiwo ankaima m'dzenje, pansi pa chipika, mnzawo ali pamwamba, choncho utuchi wonse unkagwera pankhope pawo. Ndili wamng'ono ndinkawadziwa ndi fungo asanalowe m'nyumba: utomoni wa paini, thukuta, ndi fodya wa chingambwe amene ankapichira m'pepala. Ankatsokomola m'mawa uliwonse, ndipo tinazolowera moti sitinkakuwerengera ngati matenda.

Tinabadwa awiri, achimwene ndi ine. Achimwene anali anzeru m'kalasi, ndipo matabwa a bambo anawaphunzitsa mpaka patali. Kenaka anapeza njira yopita ku Amereka, kumene anayamba ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina yaikulu. Ine ndinaphunzira uphunzitsi, ndinakwatiwa, banja linatha, n'kubwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Kaphuka. Ndinayamba kuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ya komweko. Amayi anali atamwalira. Pakhomo panatsala bambo ndi ine, ndi munda wa kachewere kuseri kwa nyumba.

Matenda a shuga anayamba ndi ludzu. Bambo ankamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kokoka ngolo, ankatuluka panja pafupipafupi, ndipo anawonda mpaka lamba kusowa bowo. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi, ndipo kwa zaka zingapo zinkayenda. Kenaka mapiritsi anasiya kugwira. Adokotala ananena kuti tsopano pafunika insulini, jakisoni wa m'mawa ndi wa madzulo, mpaka moyo wawo wonse. Maso a bambo anali atayamba kuchita chidima ndipo manja ankanjenjemera, choncho sakanatha kuyeza mankhwala okha. Namwino anandiyang'ana ine. Panalibe wina woti amuyang'ane.

Anandiphunzitsa kupopa mankhwala m'kabotolo, kuchotsa mpweya, kutsina khungu la pamimba ndi kubaya mosazengereza. Kwathu kulibe magetsi, ndiye kabotoloko tinkakasunga mu mphika wadothi, m'kati mwa mchenga wonyowa, pakona ya chipinda. Kuzizira kwa kuno, kumene alendo amadandaula nako, kunatithandiza pa chimenechi chokha. M'miyezi ya chisanu ndinkadzuka nkhungu itakuta mudzi wonse, zala zitauma, n'kuyamba ndaziwotha pamoto kuti ndithe kugwira singano. Ndikalowa m'chipinda bambo ankanena mawu amodzimodzi.

"Wabweranso?"

"Ndabwera, bambo. Kwezani malaya."

"Fulumira."

Poyamba ankandiitana "wobaya" mwanthabwala. Akamacheza ndi anzawo pakhonde n'kundiona ndikuchokera kusukulu, ankati, "Uyo wobaya wafika, thawani." Anzawo ankaseka, inenso ndinkaseka. Koma pamimba pawo panayamba kuuma, panatuluka timabuma tolimba, ndipo malo obaya anayamba kusowa. Tinasamukira ku ntchafu. Dzina lija linakhalapobe, nthabwala yokha ndiyo inachokamo.

Chaka china mphunzitsi wamkulu anandiuza kuti pali mwayi wopita ku koleji kukawonjezera maphunziro, ndipo dzina langa linali litasankhidwa. Ndinaufuna mwayiwo. Ndinayesa kuphunzitsa msuweni wanga kubaya, koma anangoona singano ikulowa n'kuthawira panja. Ndinawaimbira achimwene.

"Chemwali, pirira pang'ono," anatero. "Ndikukonza zinthu kuno. Koleji sithawa."

Koleji inathawa. Anapita mnzanga wina amene lero ndi mlangizi wa masukulu, ndipo amabwera pa njinga yamoto kudzaona mmene ndikuphunzitsira.

Nkhani ya mankhwala a ufa inabwera Lamulungu lina titachokera ku Misa. Pakhomo pathu foni imagwira bwino pansi pa mtengo wa mapichesi pokha, ndiye achimwene akaimba ndinkatulutsa mpando kuti bambo akhale pamenepo. Tsikulo anali okondwa kwambiri.

"Bambo, ndakupezerani chinthu. Chemwali, tsegula kanema amene ndatumizayo, uwaonetse."

Ndinatsegula. Munali mayi wina wa imvi, atakhala patebulo la chakudya. Anatulutsa kanthu kapulasitiki konga wezulo ya woimbira mpira, anaikamo kakapu kakang'ono, anaika pakamwa, n'kukoka mpweya kamodzi. Basi. Anamwetulira n'kuyamba kudya. Bambo anayandikiza foni pafupi ndi diso lawo labwinoko n'kunena kuti ndibwereze.

"Ndi insulini yemweyo," achimwene anafotokoza, "koma ndi wa ufa. Munthu umangomukoka ngati fodya, amalowa m'mapapo, kuchoka m'mapapo amalowa m'magazi. Palibe singano."

"Ndiye kubaya kutha?" bambo anafunsa.

"Kutha, bambo. Ndikubwera pa Khirisimasi, ndikubweretserani."

Bambo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atatha kutsokomola anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wamva? Ntchito yako yatha."

Sindinganame, inenso ndinakondwa tsiku limenelo. Ndinaganiza za kugona mpaka dzuwa kutuluka pa Loweruka, za kupita ku ukwati wa kutali osawerengera nthawi yobwerera. Koma kukondwa kwa bambo kunali kwa mtundu wina. Anauza aliyense. Kumphakati, kumene Akhristu a m'dera mwathu amakumana pakati pa sabata, anaimirira n'kupempha kuti athokoze Mulungu chifukwa cha mwana wawo wa kunja. Ku Mayani, pa tsiku la msika, anauza ngakhale wogulitsa mchere. M'mawa ankakhala pakhonde n'kumayeserera kukoka mpweya kwambiri, akuti akukonzekeretsa mapapo, ndipo nthawi iliyonse zinkathera m'chifuwa ndi makhololo.

Kenaka anayamba kukana jakisoni wa madzulo.

"Thupi lipumeko," ankatero. "Mankhwala enieni ali m'njira."

"Bambo, Khirisimasi ili kutali. Shuga sadikira."

"Ndati lero ayi."

Masiku ena ndinkapambana, masiku ena ayi. Munthu wamkulu sungamugwire ngati mbuzi. Nthawi zina ankachoka madzulo kupita kwa anzawo n'kubwerako atadya kale, n'kulowa m'chipinda n'kukhoma chitseko.

Pa tsiku la kiliniki ya shuga ndinapita ndekha kukatenga mankhwala, ndipo ndinawaonetsa adokotala kanema uja. Anali bambo wofatsa, amene ankawadziwa bambo anga kwa zaka. Anaonera mpaka kumapeto, n'kundibwezera foni.

"Mankhwalawa alipodi, ndinawerengapo za iwo," anatero. "Kuno sitinawaonepo. Koma amayi, munthu asanayambe kukoka ufa umenewu amayamba amupima mapapo. Wa chifuwa chokhalitsa, wa mphumu, wosuta fodya, samupatsa, chifukwa ufawo ukhoza kutseka njira za mpweya. Chifuwa cha bambo anu ndimachimva mwezi ndi mwezi. Sindingalole. Komanso ufawo umagwira pa nthawi ya chakudya pokha. Jakisoni wogwira nthawi yaitali akanakhalapobe."

Ndinabwerera ndi mawu amenewa m'kamwa ngati mwala. Ndinadikira bambo adye, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, n'kuwauza zonse mmene ndinazimvera. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati:

"Uli ndi nsanje."

"Nsanje ya chiyani, bambo?"

"Mlongo wako wapeza chimene iwe ndi madokotala ako munalephera. Ukufuna uzingondibaya kuti anthu azikutama."

Ndinadzuka n'kupita kumunda. Ndinapalira kachewere amene anali wopalira kale. Palibe amene ananditamapo. Zaka zonsezo ndinkadzuka m'chisanu, ndinkathamanga kuchokera kusukulu, ndinkayenda ulendo wa kuchipatala mwezi ndi mwezi, nthawi zina n'kupeza mankhwala sanafike n'kubwereranso, ndipo munthu amene ndinkamuchitira zimenezi ankaona kuti ndikudzipezera ulemu ndi khungu lake.

Ndinawauzanso achimwene pa foni. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waona zambiri.

"Chemwali, madokotala a kumeneko amaopa chilichonse chimene sanachigwirepo. Ine ndimagwira ntchito ndi odwala tsiku lililonse. Usadandaule."

Anafika mvula ili pakati. Galimoto imene anabwereka mumzinda inatitimira m'matope pafupi ndi dambo, ndipo amuna a m'mudzi anaikankha mpaka pakhomo akuimba. Achimwene anatsika atanenepa, atavala jekete yofewa, n'kugwada pamaso pa bambo. Onse awiri analira. Inenso ndinalira, chifukwa ndi mlongo wanga ndipo ndinali nditawasowa.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndinawakokera kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, mankhwalawo munawatenga kwa dokotala?"

Anayang'ana kumbali. "Dokotala sangalembe mankhwala a munthu amene sanamuone. Ndinatenga kwa mayi wina amene ndimagwira naye ntchito. Anali nawo otsala."

"Anatsala bwanji?"

"Anasiya kugwiritsa ntchito."

"Chifukwa chiyani?"

"Ankamutsokomoletsa. Koma ndi iyeyo, anthu timasiyana."

"Munthu wa mapapo abwino anatsokomola n'kusiya, ndiye mwatengera bambo? Mwawamva mmene akupumira? Tiyeni tiyambe tapita nawo kuchipatala, adokotala akawaone."

"Ndayenda ulendo wonsewu kuti ndidzapemphe chilolezo? Bambo akudikira miyezi yonseyi. Ukufuna ndiwauze kuti ayi?"

"Ndiye akatha amene mwabweretsawo, tidzatenga kuti ena?"

"Ndidzatumiza."

Ndinawauza kuti ine sindikuvomereza. Anandiyankha kuti bambo si mwana, adzisankhira okha.

Pa tsiku la Khirisimasi, titachoka ku tchalitchi, pakhomo panadzaza. Kunabwera atsibweni athu, akuluakulu a kumphakati, ndi anzawo a bambo amene ankacheka nawo matabwa. Tinaphika mpunga ndi nkhuku. M'mawa umenewo bambo anali atakaniratu jakisoni, akuti sakufuna kusakaniza zakale ndi zatsopano. Anavala suti yawo ya imvi n'kukhala pampando pakati pa bwalo. Chakudya chitafika, achimwene anatulutsa kawezulo kaja, anang'amba kapepala konyezimira, anaikamo kakapu ka ufa, n'kuwaonetsa bambo kagwiridwe kake.

"Tulutsani mpweya wonse kaye. Eya. Tsopano ikani pakamwa, mukoke mwamphamvu, musatulutse msanga."

Ndinaima pakhomo la khitchini ndi chikombe m'manja. Ndinati, "Bambo, chonde." Sanatembenuke.

Anakoka. Anthu anaomba m'manja, mayi wina anaimba nthungululu. Bambo anachotsa kawezulo pakamwa n'kukakweza m'mwamba kuti onse aone. Anatsokomola kamodzi, anthu n'kuseka. Anatsokomolanso. Kenaka chifuwacho sichinaime. Anawerama, anagwira maondo, ndipo mpweya unayamba kulira m'chifuwa mwawo mopyapyala ngati mphepo yolowa pa bowo la lata. Anayesa kulankhula, mawu osatuluka. Misempha ya m'khosi inatupa. Milomo inada.

"Apatseni madzi!" wina anakuwa.

"Zitha, zitha, n'kuyamba chabe," achimwene anatero, koma nkhope yawo inali itasintha.

Ndinaponya chikombe, ndinamasula tayi ndi mabatani, n'kuwakuwira achimwene kuti alize galimoto. Amuna anayi ananyamula bambo. Ndinakhala nawo kumbuyo nditawakhazika tsonga, mutu wawo uli paphewa langa. Msewu unali woterera. Pa dambo paja amuna omwe aja, amene anatitsatira akuthamanga, anatikankhanso, ulendo uno mopanda nyimbo. Achimwene ankayendetsa akupemphera mokweza. Ine sindinapemphere. Ndinkangowerenga ndi dzanja langa mmene nthiti za bambo zinkakwerera ndi kutsika, n'kumawauza kuti, "Pumani, bambo, pumani," ngati kuti anaiwala.

Kuchipatala anawaika pa mpweya wa m'botolo n'kuwafukiza mankhwala otsegula chifuwa. Patapita nthawi kulira kuja kunachepa ndipo milomo inabwerera. Anakhala moyo. Atawapima magazi anapeza shuga atakwera kwambiri, zotsatira za miyezi yodumphadumpha jakisoni. Kenaka namwino anawavula nsapato ndi masokosi, ndipo fungo linatiuza tisanaone. Pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanzere panali chilonda chakuya, chakuda m'mbali. Bambo anali atachibisa. Ankadziwa kuti ndikachiona ndiwatengera kuchipatala, ndipo kuchipatala akawaumiriza jakisoni ufa usanafike.

Adokotala aja anafika tsiku lotsatira. Achimwene anawapatsa kawezulo ndi timapepala totsala. Anazitembenuza m'manja mwachidwi, chifukwa kanali koyamba kuziona ndi maso.

"Ndi mankhwala abwino kwa munthu woyenera," anatero mofatsa. "Koma mapapo a bambo anu anatha kale. Utuchi, fodya, utsi. Simunafunse?"

"Ndinkafuna kuwathandiza," achimwene anayankha.

"Ndikudziwa. Tsopano nkhondo yathu ndi phazili."

Panja, pakhonde la chipatala, achimwene anakhala pansi n'kulira ngati mwana. Anandigwira dzanja. "Chemwali, ndinkaona okalamba a eni ake akusamalidwa bwino, ndikuwasambitsa, ndikuwadyetsa, bambo anga ali kuno. Ndinkafuna kubweretsa chinthu chimodzi chokha." Ndinawakhulupirira. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankanena zoona. Koma ndinachotsa dzanja langa, chifukwa inali nthawi yoti ndikachape zovala za bambo, ndipo panalibe wina wokachapa.

Chaka chatsopano chitangolowa achimwene anabwerera ku Amereka. Tikiti inali yodula kale, ntchito inkawadikira. Anatsanzika bambo ali m'chipatala. Bambo anawagwira mutu n'kuwadalitsa, n'kunena kuti, "Wayesetsa, mwana wanga. Thupi langali ndi limene lakukanika."

Kumudzi nkhani inali itakonzedwa kale isanandifike. Ndinaimva pa mjigo. Amayi awiri ankalankhula osadziwa kuti ndaima kumbuyo kwawo.

"Akuti mankhwala a mnyamatayo anali amphamvu zedi, koma anapeza magazi atafooka kale."

"N'kubayabaya kuja. Munthu angabayidwe zaka zonsezo magazi osatha?"

"Akanangobwera msanga ndi ufawo, bwenzi mkuluyo ali bwino."

Atandiona anandipatsa moni mwaulemu n'kufunsa za odwala. Ndinayankha mwaulemu. Ndinatunga madzi anga. Sindinawafotokozere chilichonse, chifukwa ndinali nditatopa, ndiponso chifukwa nkhani yawoyo inali yokoma kuposa yanga. Mu nkhani yawo munali mwana wamwamuna wochokera kutali ndi mphatso yodabwitsa. Mu yanga munali mphika wa mchenga ndi masokosi onunkha.

Chala anachidula. Bambo anabwerera kunyumba, ndipo anasiya kukana jakisoni. Anasiyanso kundifunsa ngati ndabweranso. Ndikalowa ankangokweza malaya n'kuyang'ana kudenga. Kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa zonyoza zija. Kawezulo anakapempha kwa adokotala, popanda ufa wake, n'kumakasunga m'thumba la jekete imene achimwene anawasiyira. Alendo akabwera ankakatulutsa n'kuwaonetsa. Tsiku lina ndikutsuka chilonda anandifunsa mosandiyang'ana:

"Kodi chifuwachi chikapola, sindingayeserenso?"

"Chifuwa chanu sichipola, bambo."

"Iwe umangodziwa kunena zosatheka."

Chilonda sichinatseke. Ndinkachitsuka ndi madzi owiritsa a mchere m'mawa ndi madzulo, ndinkamanga ndi nsalu zoyera, koma kuda kuja kunapitirira kukwera. Chimanga chikucha tinabwerera kuchipatala, ndipo anadula phazi. Munthu amene ankakwera phiri ndi macheka paphewa anayamba kunyamulidwa kupita kuchimbudzi. Ndinapempha tchuthi kusukulu, kenaka tchuthi china, mpaka mphunzitsi wamkulu anasiya kundiyang'ana kumaso. Kachewere anagwidwa ndi chiwawu m'munda chifukwa panalibe wopopera.

Achimwene ankaimba Lamulungu lililonse, ndipo ankatumiza thandizo, sindingabise. Anatumizanso njinga ya olumala, yokongola, imene inalephera kuyenda pa bwalo lathu la mabampu ndipo inathera pakona. Za ufa sanazitchulenso. Bambo ndiwo ankazitchula. Ankafunsa ngati mayi uja wa kuntchito akadali ndi wina wotsala, ndipo achimwene ankasintha nkhani.

M'masiku omaliza a bambo m'chipatala, namwino wina anawabaya mofulumira chifukwa odwala anali ambiri. Bambo anadzidzimuka. Namwino atachoka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Dzanja lako ndi lopepuka kuposa la awa." Ndinadikira kuti apitirize. Sanapitirize. Anapempha madzi. Mawu amenewo ndiwo onse amene ndinalandira, ndipo ndimachita manyazi ndi mmene ndawasungira mosamala.

Anamwalira m'nyengo ya chisanu, masana, ndikuwapukuta kumaso. Impso zinali zitasiya kugwira ntchito, ndipo chifuwa chinamaliza zotsalazo.

Achimwene sanathe kubwera. Anatumiza bokosi labwino kwambiri, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo, limene anthu anayamba kulisirira asanayambe kulira. Msuweni wanga anagwira foni m'mwamba mwambo wonse kuti achimwene aone. Itafika nthawi yolankhula m'malo mwa banja, atsibweni anaimirira. Anafotokoza mbiri ya bambo, ntchito yawo ya kuphiri, chikhristu chawo. Kenaka anakweza mawu.

"Tithokoze mwana wawo wamwamuna, amene ngakhale ali kutsidya kwa nyanja sanaiwale kwawo. Anafunafuna mankhwala amene ngakhale m'zipatala zathu mulibe, n'kuwanyamula yekha mpaka pakhomo pano. Ana otere ndi ochepa. Mulungu yekha ndiye anakana." Anthu anavomereza ndi mitu. Atsibweni anayang'ana pansi ngati akukumbukira kanthu. "Tithokozenso mwana wamkazi, amene anali pakhomo."

Amene anali pakhomo. Mbuzi nazonso zinali pakhomo. Ndinakhala pamphasa pakati pa amayi, chitenje chili kumutu, ndipo mayi wina wa kumphakati anandisisita pamsana poganiza kuti ndikunjenjemera ndi chisoni.

Maliro atatha ndinatenga mabotolo a insulini otsala ndi masingano osagwiritsa ntchito n'kukazibweza kuchipatala kuti zithandize ena. Adokotala anandipepesa. Anati ndinachita zonse zimene munthu angachite, ndipo kuti popanda ine bambo sakanafika zaka zimene anafikazo. Ndinathokoza. Koma mawu amenewo ananenedwa m'kachipinda kotseka, kwa ine ndekha, ndipo sanafike pa mjigo.

Nthawi zina ndimadzifunsa kuti ndakwiyira ndani kwenikweni. Achimwene anachita mopusa, koma anachita ndi chikondi. Bambo ankaopa singano, ndipo mantha si tchimo. Anthu amene anapanga ufawo sanalakwe. Anaupangira anthu amene amapimidwa mapapo asanayambe, amene ali ndi firiji ndi dokotala pafupi, amene sanaime m'dzenje la macheka moyo wawo wonse. Kwa ife anafika kanema, ndipo kanemayo anali wokwanira kuti nkhalamba isiye mankhwala okhawo amene ankaisunga. Ndikafufuza chonchi aliyense amatuluka wosalakwa, koma mkwiyo suchoka. Umangosowa pokhala, ndiye umakhala mwa ine.

Ndinabwerera kusukulu. Ndimaphunzitsa ana a sitandade folo. Kwa miyezi yambiri ndinkadzidzimukabe m'mamawa ndikuganiza kuti ndachedwa, n'kupeza kuti palibe wondidikira.

Chaka chatha achimwene anaimba. Titapatsana moni anati:

"Chemwali, andipeza ndi shuga."

"Pepani, achimwene."

"Panopa ndili pa mapiritsi. Koma dokotala wandipima zonse. Akuti zikadzavuta ndikhoza kugwiritsa ntchito wa ufa uja pa nthawi ya chakudya. Akuti mapapo anga ndi abwino kwambiri."

"Ndi nkhani yabwino imeneyo."

"Iwenso ukapimitse. Akuti zimayenda m'magazi."

"Ndinapimitsa kale."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anati ndizibwera pafupipafupi, shuga wayamba kukwera."

Anapuma mozama. "Usadandaule, chemwali. Zikadzafika poipa, ine ndilipo. Ndidzakutumizira chilichonse."

Ndinawauza kuti foni ikutha moto. Sikunali kunama kwenikweni. Ndinaidula, ndinalowa m'nyumba, n'kuyamba kuchonga makope a ana, amene anali ambiri ndipo ankafunika mawa lake.